Chingerezi cha m'khola la nkhuku

Lolemba
Pulova ya Chingerezi, mayeso olowera ntchito, ili Loweruka ku Ulongwe. Wopambana alembedwa ukalaliki pa kampani ya malole ku Kalomwe, pamalire ndi Dedza. Ntchitoyo ndikuifuna, khasu landikwana! Chipwitikizi cha kusukulu ya ku Fonte Boa ndili nacho, koma mawu ena a Chingerezi ndi ofanana ngati nyemba. Nzeru yabwera: nkhuku zanga zisanu ndi imodzi sindizisokoneza ngakhale zonse ndi zoyera. Ndazitcha mayina.
Yofatsa ndi Quiet, mnzake ndi Quite.
Yosowasowa ndi Lose, yogwedera mwendo ndi Loose.
Ya kameta ndi Desert, yonona ndi Dessert.
Mutu uwu ndi wanga!

Lachiwiri
Ndikumwaza gaga uku ndikuitana mayina. Sindikuphonya ngakhale limodzi! Bambo a kunyumba akuti, "Kodi mwatsegula sukulu m'kholamo?" Aseke, adzaona.

Lachitatu
Apongozi atulukira kuchokera ku Dedza, osatumiza ndi uthenga womwe. Mlendo wotere sungamupatse chigwada. Dessert yapita. Ndikusosola misozi ili chuchuchu. Koma kukoma kwake, eee!

Lachinayi
Likongwe wagwira Lose dzuwa likuswa mtengo, ine ndili pakhonde ndi buku. Ndathamangitsa mpaka kudimba, ndabwerako ndi nthenga zitatu. Apongozi akuti, "Kuwerenga kwambiri kumagonetsa pakhomo."

Lachisanu
Kwagwa maliro kwa anzathu a mumphakati, ndipo akatekisi ochokera kutali ayenera kudya. Loose yapita. Apongozi nawo akutsanzika, ndiye apite chimanjamanja? Bambo agwira Quiet poti siithawa. Pano ili m'dengu, ikuwoloka malire. Sukulu yanga yatsala ndi ophunzira awiri, osafanana n'komwe.

Loweruka
Ndakwera shapa yoyamba, minibasi ya m'mamawa. Pepala lafika. Liwu lililonse ndikaliona, nkhope ya mwini wake ikubwera, ndi mmene anandichokera. Ndingamusokoneze bwanji amene ndinamusosola ndekha? Anzanga ovala mataye akuluma zolembera, ine ndikungolemba. Madzulo awerenga mayina. Loyamba langa! Nthungululu ndaimba ndekha pamsika, manyazi ndawasiya kunyumba.

Lamulungu
Ndikuchokera ku Misa, fungo likundichingamira panjira. Bambo akuti, "Nkhani yotereyi sitingaidyere nyemba, amayi." Desert ili kale pamoto. Ndakhala pansi, ndadya, nanga ndikanatani? Mawa ndiyamba ntchito. M'khola mwatsala Quite yokha, imene tanthauzo la dzina lake silinandilowe mpaka lero. Ndaona mmene zikuthera zimene ndazimvetsa. Iyi sindiiphunzira.