Payi wa Nabanda ndi Khamu Londiperekeza

Amene akuseka aseke, koma ayambe wapita kwa Mwase akafunse chifukwa chake apongozi anga alibe nkhuku ndi imodzi yomwe mpaka lero, akabwerako ndiye adzanditche wabodza. Ine ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ngati ndikunama njinga yanga ithyoke masipoko onse.

Mkazi wanga Nabanda anandithawa chifukwa cha nyenyeswa. Tsiku lina ndinachokera ku Boma ndevu zili mbuu ndi nyenyeswa za payi wa nyama, m'manja mulibe kanthu, iye kungondiyang'ana, kumanga zovala m'chitenje, ulendo wa kwa amayi ake. Atafika pamsewu anacheuka nati, "Bambo, mukandifuna mubwere ndi payi. Wotentha. Akazizira mubwerere naye panjira."

Ndinapirira sabata ziwiri, yachitatu ndinakwera njinga kuno ku Santhe n'kupalasa mwakuti chithunzithunzi changa chinatsala m'mbuyo, chinachita kundipeza pa Boma chitakwera minibasi. Ndinalunjika kukasitolo ka Mayi Asiyatu, amene amaphika mapayi kuseri kwa depoti, ndi kuwauza kuti banja langa lapendekeka. Iwo anagwira pakamwa nati, "Achimwene, payi wobwezera mkazi sangakwane mu uvuni muno." Tinabwereka balani yowotchera fodya, tinakanda ufa ndi mgolo woyendetsa pansi, tinaikamo ng'ombe yathunthu ndi anyezi wodzadza ngolo, ndipo atapsa tinachita kugumula khoma kuti atuluke, ine n'kumumanga pakeliyala ya njinga ndi mphira, mbali ina ikukhudza tsidya lino la msewu ina tsidya linalo. Mukumva? Nthunzi yake inali yoti fodya wa m'minda ya m'mbali mwa msewu ankapsa ali pamtengo pomwepo, kusanduka wagolide, kuyoyoka, kudzisankha yekha magiredi, eni minda ataponya makasu pansi kukamwa kuli yasa, ndipo mkulu wina ndikumva kuti sanatsekebe.

Tsoka langa linali lakuti njira ya kwa apongozi ndi yodzadza abale ndi anzanga, ndipo munthu woleredwa sadutsa pakhomo pa mnzake osanena odi. Woyamba anali Gelesomu, mnzanga amene tinkamanga naye mabelo a fodya ku esiteti. Ndinati ndingopereka moni, koma moni unafika kwa ana, kwa mbuzi ndi kwa bondo la amayi ake, tiyi anabwera, ndipo simungamwe tiyi wa eni payi wanu akufuka nthunzi anthu akumeza malovu. Ndinadula. Potsanzika Gelesomu anagwira chiwongolero cha njinga nati, "Ndikuperekezeni pang'ono, achimwene."

Inu mukudziwa kuti woperekeza amabwerera pamphambano. Koma nkhani inali isanathe, tinangozindikira tafika kwa amalume. Pamenepo Gelesomu nayenso wasanduka mlendo, ndiye amalume anayenera kutiperekeza tonse awiri, pamodzi ndi mkazi wa Gelesomu amene anabwera kudzamuitana, ndi apongozi ake amene anabwera kudzaitana mkaziyo. Kwa mlongo wanga tinapeza kwaya ya mpingo ikuphunzira nyimbo, yonse inatiperekeza ikuimba, mudzi wotsatira unaperekeza kwaya, wotsatirawo unaperekeza mudzi, mpaka mzere unatalika mwakuti akutsogolo tinkayenda m'fumbi akumbuyo akuvumbwa ndi mvula, ndipo podutsa msewu wa tala maminibasi anaima, amuna anavula zipewa, amayi ena anayamba kulira osafunsa kuti wamwalira ndani.

Khomo lililonse, kudula. Payi amene anagumulitsa khoma anafika ngati chitseko, kenaka ngati lichero, kenaka ngati mbale ya ndiwo, ine thukuta lili kamukamu. Kotsalako ndinakabisa m'malaya, pachifuwa penipeni, kuti kasazizire. Onani apa. Cheya sichinamerenso.

Apongozi anga anaona fumbi lathu n'kuyesa kuti kukubwera kamvuluvulu. Ine monga mkamwini ndinagwada patali, maso pansi, ndi kutulutsa payi uja. Anali atatsala ngati chikhadabo cha chala chachikuluchi, koma akufukabe. Nabanda anatuluka, anayang'ana kachidutswako, anayang'ana ine, nati, "Ndi ameneyu?"

Khamu lonse linati zii, ndipo chete ameneyo anayenda kuchokera kutsogolo mpaka anakafika kwa akumbuyo mawa lake. Ine ndinadziwa kuti ku Santhe ndibwerera ndekha.

Koma alendo ndi alendo, sangachoke pakhomo ndi njala. Nkhuku za apongozi zinayamba kugwa imodziimodzi, zitatha anagwira mbuzi, nkhokwe inatsika ngati yabooka pansi, tambala wotsiriza anathawira pamwamba pa mtengo wa bulugama koma woimba besi wa kwaya ija anamugwetsa ndi mawu okha, ndipo akumbuyo anali asanafike n'komwe. Apa mpamene ndinaona chimene sindinachionepo. Apongozi anga, amene chikwatirire mwana wawo ankandipatukira panjira, osandilankhula maso ndi maso, anabwera okha, kuima patsogolo panga, manja m'chiuno. "Akamwini, tengani mkazi wanu muzipita, anthu anuwa asanandidyere denga." Anatembenukira mwana wawo nati, "Iwe, nyamuka." Kenaka anawonjeza, "Ndipo kuperekeza sitikuperekezani."

Nabanda anakwera pakeliyala pomwe panali payi paja, pakadali potentha, ndipo ndi amene mukumumva akutsuka mbale kuseriku.

Mukamufunsa iye akuuzani zina. Amati payi anali mmodzi, wokwana m'chikhato, ondiperekeza anali anayi, nkhuku inafa imodzi, ndipo anabwerera chifukwa fodya anafuna womusoka. Amatinso chimene ndinamupatsa ndi pepala lokha lamafuta lokulungira payi. Pamenepo pokha sindimutsutsa kwambiri. Iye anati akufuna wotentha, ndiye pakhomo lililonse ndinkaluma pang'ono kuti ndione ngati wazizira. Ndikulumbira pamaso panu nonse, payi ameneyo anali wotentha mpaka kumapeto.