Mlamu Wanga pa Zenera la Basi ku Nairobi

Anzanga akapita kunja pa ntchito ankabwerako ndi wailesi kapena nsapato za akazi awo. Ine ndinabwerako ndi bondo lotupa, buluku long'ambika, ndi nkhani imene sindikanatha kuikamba mokweza ngakhale m'nyumba mwanga momwe.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa kampani ina yokonza injini za zigayo, ndipo tinkachita lendi ku Chileka, pafupi ndi bwalo la ndege. Ndege ndinkazidziwa kumimba kokha, zikamadutsa pamwamba pa denga n'kudzutsa mwana. Tsiku lina abwana anandiitana n'kundiuza kuti ndipita ku Nairobi kukaphunzira injini zatsopano. Ndisanamalize kuthokoza anawonjezera kuti ndipita ndi a Nampinga a ku ofesi.

Chimwemwe chinathera pomwepo. A Nampinga anali munthu wosalankhula, baji ya chipani siinkachoka pachifuwa, ndipo tonse tinkanong'onezana kuti ndi khutu la boma. (Umboni tinalibe. Masiku amenewo munthu akakhala chete kwambiri tinkamuopa, akamafunsa kwambiri tinkamuopanso.)

Ulendo utayandikira, ine ndi akazi anga, mayi a Asiyatu, tinakwera basi ndi mwana wathu Asiyatu kupita ku Lirangwe kukatsanzika apongozi, Abiti Juma. Tinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Anadikira kuti Asiyatu athamangire kwa anzake, kenako anatsitsa mawu.

"Bambo a Asiyatu, kunjako mukamuona Yusufu, mukamuuze kuti ndilipo."

Yusufu anali mlamu wanga, mwana wawo woyamba, mphunzitsi amene anathawa m'dziko muno akuluakulu a boma atayambana. Pa wailesi anthu otero ankatchedwa zigawenga, ndipo dzina lake silinkatchulidwa ngakhale pa maliro. Akazi anga anayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu. Ine ndinaseka mwaulemu.

"Amayi, kunja si msika wa Lirangwe ayi. Ndi mayiko ambirimbiri. Ndiye enatu amati ali ku Tanzania."

"Inu mukangomuona," anatero, osasiya kusenda.

Nairobi inandizunguza mutu. Nyumba zosanja zoti ukayang'ana pamwamba chipewa chimagwa, magalimoto ngati nyerere, ndipo Loweruka lina anatitengera kukaona mikango ndi nyamalikiti kunja kwa mzinda pang'ono. Koma kulikonse kumene ndinkapita, a Nampinga anali pambali panga. Chipinda chimodzi, tebulo limodzi. Choncho chilichonse chokongola ndinkachiyamikira mosamala. "Nyumbayi ndi yaitali ndithu, komatu za ku Blantyre ndi zolimba." Iwo ankangoti, "Zoona, achimwene." Mpaka mkango ndinaunena kuti ndi woonda poyerekeza ndi yakwathu. (Mkango wakwathu ndinali ndisanauonepo.)

Tsiku lomaliza tinapita kumsika waukulu kukafuna nsalu ya mayi a Asiyatu. Ndili mkati monenerera mtengo ndi zala, ndinamva mawu kumbuyo.

"Alamu!"

Ndinati ndi makutu chabe.

"Alamu! Si inu kodi? Ndine Yusufu!"

Ndinatembenuka. Anali iye. Ataonda, ndevu zitachita imvi, jekete yomukulira, koma mpata wa m'mano uja unali womwewo wa akazi anga. Ankabwera atatambasula manja, akuseka ndi misozi. Kumanja kwanga kunali a Nampinga, atagwira chipande chosema, maso atatuzula.

Zimene ndinayankha ndimachita nazo manyazi polemba. Ndinaimika thupi ngati msilikali n'kunena mokweza, m'Chichewa chomveka bwino cha ku Chileka, kuti, "Pepani bambo, ine Chichewa sindimva."

Kenako ndinaliyatsa liwiro.

Ndinagunda mulu wa zinanazi, mayi wogulitsa n'kuyamba kukuwa. Ndinalumpha wilibala, ndinaphonya, ndinagwera mu ngalande ya madzi akuda a kumsika. Bondo linamenya simenti, buluku n'kung'ambika kuyambira pa thumba mpaka pansi. Ndinadzuka. Patsogolo panali basi yoti yayamba kale kuyenda, ndipo ndinaikwera osadziwa kumene ikupita. Nditangodziponya pa mpando wa pazenera, munthu wina anadzaphwathika pambali panga akupuma ngati ng'ombe yolima. A Nampinga. Chipande chosalipira chili m'manja.

Ndiye zenera linagogodwa. Yusufu ankathamanga m'mbali mwa basi, dzanja likumenya galasi.

"Amayi alipo? Alamu, chonde! Amayi ali moyo?"

A Nampinga anali atandiyandikira moti ndinkamva mpweya wawo pakhosi. Basi inkadumpha m'maenje. Ndinagwedeza mutu, pang'ono chabe, kuti aone iye yekha. Yusufu anasiya kuthamanga, anaima pakati pa msewu manja ali pamutu, basi n'kukhota.

Tinakatsikira kutali, ku makomboni, ndipo tinabwerera ku hotela wapansi, ine ndikutsimphina nditagwira buluku.

Titatera pa Chileka ndinkayembekeza dzanja paphewa. Apolisi a pabwalopo anangosecha sutikesi, n'kulanda magazini imene ndinakulungira nsapato, basi. Koma mantha sanathe. Galimoto ikaima pafupi ndi nyumba, ndinkasiya kudya. Ndinayamba kupita ku ntchito nditavala malaya awiri, kuti akanditenga ndikakhale ndi chosinthira. Akazi anga ankati ndadwala malungo a kunja.

Masana ena a Nampinga anandipeza pa mpopi ndikusamba girisi m'manja. Anayang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, zija za kumsika zija. Ine munthu uja sindimudziwa. Alamu anga anathawadi, sindikana, koma si amene aja. Chonde, kumene mumakanenako mukanene choncho. Ndili ndi ana."

Kani nawonso anali ndi mlamu wothawa, ndipo ankaopa kuti ndinaganiza kuti Yusufu ankaitana iwo. Ulendo wonse uja iwo ankaganiza kuti khutu la boma ndine, chifukwa cha mmene ndinkatamandira mikango yakwathu. Ndinafuna kuseka koma sizinatheke. Ndinangoti, "Musadandaule," iwo n'kundithokoza ndi manja awiri.

Tsiku lomwelo ndinakweza wailesi n'kuwanong'oneza akazi anga zonse. Analira atatseka pakamwa ndi chitenje kuti aneba asamve. Atatha anati, "Amayi mukawauze nokha."

Ku Lirangwe tinawapeza kumunda, komwe kunalibe makutu. Mwamwambo ine ndi apongozi sitinkayang'anana kumaso, choncho ndinanjuta chapatali nditayang'ana mapesi, iwo atandifulatira. Ndinati Yusufu ndinamuona. Ndinati wanenepa. (Za ngalande ndinazidumpha.)

"Munamuuza kuti ndilipo?"

"Anafunsa yekha, amayi. Koma panali anthu. Ndinangogwedeza mutu."

Khasu linasiya kulira. Abiti Juma anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, zimene anali asanachitepo chikwatire ine mwana wawo.

"Kugwedeza kotani? Chonchi, kapena chonchi?"

Anaweramitsa mutu, kenako anaupukusa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti chonchi, chovomera. Koma ndinakumbukira maenje aja, mmene basi inkatiponyera uku ndi uku, ndi manja a Yusufu ali pamutu. Munthu amagwira mutu akamva zabwino kodi? Ndinazindikira kuti sindikudziwa.

Anadikira. Kenako anatola khasu lawo.

"Ndiye kuti mwina mwana wanga anandilira kale," anatero, n'kupitiriza kulima.

Abiti Juma anakhala zaka zingapo, n'kumwalira asanamve kanthu. Zinthu zitasintha, othawa ambiri anabwerera, ena okalamba, ena m'mabokosi. Yusufu sanabwere, ndipo palibe amene tinamufunsa amene ankadziwa kumene anathera.

Lero munthu akandifunsa funso, ngakhale kondakitala wa minibasi, ndimayankha ndi pakamwa, mokweza, mpaka adzukulu amati agogo akugontha. Koma ndisanayankhe, ndimayamba ndayang'ana amene wakhala pambali panga.