Nkhata ya Maluwa Padenga

Malemu a Firmin Deweerdt sankapereka moni kwa munthu asanaone galimoto yake. Mukaima pagalaja yawo, kuseri kwa tchalitchi, ankatuluka ndi tochi, n'kukudutsani ngati ndinu mtengo wa magetsi, kenako n'kugwada, tsaya lili pafupi ndi chitseko. Nkhope yawo inkakhala ya munthu wodikira zotsatira za kuchipatala.

Ntchito yawo inali yopaka seramiki, mankhwala amadzimadzi aja amene akauma pamwamba pa penti amalimba ngati galasi. Wopaka akachedwa kupukuta otsalira, pamatsala banga looneka ngati mafuta. Likadali laliwisi, amadonthezapo mankhwala ena n'kupukuta, nkhani yatha. Likauma, palibe sopo wolichotsa. Pamafunika makina opalira, ndipo makinawo amadyako penti yomwe. Motero a Firmin ankaopa dzuwa, mvula, fumbi, nkhunda za pa tchalitchi ndiponso eni magalimoto.

Tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi, mkwatibwi anaima pakhomo la tchalitchi wopanda womugwira mkono. Bambo ake anali chogwada kuseri kwa galimoto ya ukwati imene anaipaka m'mawa womwewo.

"Firmin, wansembe akudikira," anatero akazi awo, Mayi Lutgarde.

"Wansembe sauma, Lutgarde. Ichi chikuuma."

Koma chimene chinawaondetsa ndi galimoto ya maliro ya Mayi Rosette Vanneste, amene amayendetsa nyumba yokonzera maliro m'tauni yathu ya Diksmuide. Mkamwini wa mayiwo, ataonera kanema pafoni, anaipaka yekha seramiki padzuwa. M'mbali munatuluka bwino, koma denga linachita mawanga ngati ng'ombe yamkaka, ndipo anali atauma kale. Loweruka la sabata imeneyo kunali maliro a mphunzitsi wamkulu wakale, amene anaphunzitsa theka la tauni. Galimoto ina panalibe, choncho Mayi Rosette anaibweretsa kwa a Firmin. Ine ndinali pagalajapo, ndikudikira yanga.

A Firmin anakwera pamakwerero, n'kuika padenga kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti. Anatsika pang'onopang'ono.

"Penti yake yapyapyala ngati khungu la anyezi. Makina akangopitirira, chitsulo chili poyera."

"Ndiye zisiyeni. Amaona denga ndani, Firmin?"

"Mwaiwala msewu wa kumsika, Rosette? Maliro akamadutsa, nkhalamba zonse zimakhala pamazenera a m'mwamba. Siziona bokosi, siziona inu. Zimaona denga."

Mayi Rosette anafunsa kuti, "Nanga mukaboola?"

"Aphunzitsi mudzawanyamula pa thirakitala."

Makina anawaika pambali. Anayamba kupala ndi manja, malo aakulu ngati mpango, kuyeza, kuwalitsa tochi chammbali, kupalanso. Aliyense wotsokomola m'galajamo ankatulutsidwa. Pofika Lachisanu mawanga onse anali atachoka, kupatula limodzi chakumbuyo, laling'ono ngati khobidi. Pamenepo kachipangizo kanasonyeza kuti penti yatsala pang'ono kutha. A Firmin anaima ndi nsalu m'manja nthawi yaitali, kenako anaipinda nsaluyo.

"Ili landigonjetsa. Ndikalikhudzanso, tilira awiri."

"Tiikapo nkhata ya maluwa," anatero Mayi Rosette.

"Kubisa si kukonza."

"Ntchito yanga yonse ndi yobisa, Firmin, ndipo palibe amene anabwerako kudzadandaula."

Aphunzitsi anapita mwaulemu, nkhata ili padenga. Nkhalamba za pamazenera zinayamikira mwambo watsopano, ndipo mabanja ena anayamba kuupempha. Kuyambira pamenepo a Firmin sanaphonye maliro aliwonse, ngakhale a anthu amene sankawadziwa. Ankayenda pambuyo penipeni pa galimoto, maso m'mwamba, manja atapinda pachifuwa. Anthu ankati palibenso munthu wopemphera ngati iwo. Zoona zake, ankaopa mphepo. Nkhaniyi sinabisike nthawi yaitali, pakuti Mayi Lutgarde anaiulula kwa wowakonza tsitsi, koma tauni yonse inagwirizana kusadziwa.

A Firmin anatisiya mwezi wa Novembala, ndipo tsiku la maliro awo mphepo ya kunyanja inawomba ngati yatumidwa. Bondo langa litakana kuyenda, ndinaonera pazenera la ofesi yathu ya nyuzipepala, moyang'anizana ndi msika. Kunena zoona, sindinaganize za moyo wawo kapena za imfa yanga. Mtima unali pa nkhata. Inagwedezeka pa ngodya ya sitolo ya buledi, inadzuka mbali imodzi, ndipo pakati pa msika inatsetsereka. Banga lija linaonekera.

Galimoto inaima. Mayi Rosette anatsika, chipewa atachigwira ndi dzanja limodzi, n'kukankha nkhata ndi nsonga ya ambulera mpaka inabwerera pamalo pake. Ndinayang'ana mazenera ena. Nkhalamba zonse, zimene zaka zonsezi sizinaphonye ngakhale batani losoweka pa jekete la wamasiye, zinali zitatukula mitu, zikuyang'ana mitambo.

Galajayo anaigula munthu wina waulemu. Mukangoima, amatuluka akumwetulira, n'kukugwirani dzanja, n'kufunsa za kunyumba. Moni ukubwera msanga masiku ano, ndipo sindinauzolowere. Sabata yatha ndinadzipeza nditagwada ndekha pafupi ndi chitseko cha galimoto yanga, tsaya lili pa penti, osadziwa chimene ndikufunafuna.