Nkhondo ya Chikhatho cha Mafuta

Tcherani khutu, inu a ku Chileka amene ndege zimakuulukirani pamutu koma simunakwerepo, ndi inu a ku Lirangwe amene munakulira m'fumbi la pamsika, pakuti ndikusimba za chaka chija dzuwa linkaswa mtengo, chaka chimene a Maness, Njovu ya Kumadzulo, Wothyola Mipando ya Pulasitiki, amene akabaza akawaona ankayamba apopa kaye matayala, anapita kuchipatala ndi mutu nabwerako ndi mantha. Namwino anawamanga lamba pamkono, nayang'ana manambala, nati magazi akuthamanga moti sitiroko ili pakhomo: mchere achepetse, zokazinga aiwale, aziyenda m'mawa uliwonse. A Maness anaopa zenizeni, chifukwa matenda omwewo anagoneka mayi awo zaka zitatu.

Pamenepo panaimirira mlamu wawo, a Enifa, mlongo wa amuna awo, Mphepo ya Kumpoto, Wosadutsa Chiwaya Osachipatsa Moni, nalumbira pamaso pa nkhuku zonse za pabwalo: "Alamu, simuyenda nokha. Chimene mwaleka, nanenso ndaleka."

Masiku khumi ndi anayi anayenda limodzi mpaka pamlambe, agalu akuwaperekeza modabwa. Koma ulesi, mdani wakale wa mtundu wa anthu, unalowa m'bulangete la a Maness. Tsiku lina anati bondo, mawa lake anati kuli mitambo, mkuja wake anati tiyambirenso Lolemba.

Ndipo linafika tsiku la msika, tsiku limene adzukulu adzalisimba akunjenjemera. A Enifa pochokera ku Lirangwe anapereka dzanja mwaulemu, lina litagwira pachigongono, ndipo a Maness pobweza chikhatho chawo anachipeza chikunyezimira. Anachinunkhiza. Chipisi, mchere, tsabola wa kambuzi.

"Imvani, midzi yonse," anatero a Maness ataimirira, mpando ukupuma. "Ine ndikutafuna nkhwani wopanda mchere ngati mbuzi, pamene alamu angawa akusambira m'chiwaya. Pangano lija mwalikazinga?"

"Ndadyadi, mbale yodzaza, kabichi pamwamba," anayankha a Enifa osaphethira. "Pangano lake ndi ndani? Munthu woti pamlambe pomwepa pamukanika? Zoyendazi si zanu, alamu. Inu mumatha kukhala."

Nkhondo inabuka ola lomwelo. Moni unathetsedwa. Mbale ya ndiwo imene inkayenda pakati pa nyumba ziwirizo inasanduka chida: kuchokera kumadzulo kunaponyedwa therere lopanda mchere, kumpoto kunabwezera maungu ongowiritsa, ndipo woyamba kugwa pankhondoyo anali a Ackim, mwamuna wa a Maness, munthu wosalakwa, amene anaonda mpaka anaboola mabowo awiri atsopano palamba wawo.

Koma bwalo lenileni la nkhondo linali njira. M'mamawa a Maness, atadzutsidwa ndi mkwiyo, anapeza mapazi a nsapato za sofiya za mlamu wawo atadinda m'fumbi kupitirira mlambe. Anawatsatira akung'ung'udza, nawapitirira ndi mapazi khumi, nalemba mzere ndi chidendene. Mawa lake sofiya zinali zitaudumpha mzerewo. Motero malire anasuntha, kuchoka pamlambe kufika kuchigayo, kuchoka kuchigayo kufika pamlatho, mvula ibwere kaya isabwere, mpaka patatha miyezi iwiri alonda a pampanda wa bwalo la ndege anayamba kufunsana za amayi awiri amene ankatulukira m'mawa uliwonse, mmodzi pambuyo pa mnzake, thukuta lili kamukamu, n'kulemba mizere pansi n'kubwerera.

Tsiku la sikelo ya akuluakulu litakwana, namwino anayeza magazi a Maness kawiri, nagogoda makina poganiza kuti afa. "Mayi, zatsika. Chimene mukuchitacho musasiye."

A Maness anaguba ulendo wokanyadira mdani pakhomo pake. Anamupeza kuseri kwa nyumba, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, matuza okhaokha, chikhadabo chimodzi chitachoka.

"Zatsika?" anafunsa a Enifa.

"Zatsika."

"Basi, mapazi angawa apumeko. Dzanja lija ndinachita kulipaka mafuta a chipisi dala. Chipisi sindinadye. Chabwino, ndinadya theka. Ndimakudziwani, alamu: kukunyengererani mumagona, kukuputani mumadzuka. Ine ndikufuna tikalambe limodzi, kaya tikukangana."

Njovu ya Kumadzulo inakhala pansi pafumbi, nilira ngati mwana, kwinaku ikuseka.

Mtendere unasainidwa masana omwewo ndi ulemerero wonse. Nkhaka imodzi inadulidwa patatu, niikidwa m'mbale za galasi zimene zinali zisanatulukepo m'kabati chikwatirane, makapu a madzi anagundanitsidwa, nthungululu zinathawitsa nkhuku, ndipo a Ackim, mkhalapakati, analengeza mfundo: kuyambira seveni koloko mpaka kogona akhale pachilamu, koma kuyambira tambala woyamba mpaka seveni akhale adani monga kale. Atafunsa ngati panganolo likunenapo za mchere, mbali zonse ziwiri zinawayang'ana, iwo nakhala pansi.

M'mawa mwake a Maness anagogoda. "Adani anga, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, kaya inu adani athu. Dikirani ndimange mapaziwa."

Ananyamuka, a Enifa akutsimphina. A Maness, amene tsopano akanatha kuwasiya kutali, anayenda pambali pawo pang'onopang'ono, akuwanyoza njira yonse.