Ndinakiya Geti Kuti Ndiwamve Bwino Amake Dali

Nkhani iyi aneba anga amayi Tembo aifalitsa kale pamsika wonse wa Chongwe, ndipo nthawi iliyonse akamaifotokoza amathirako mchere wawo. Ndiye ndaona kuti bola ndiinene ndekha, manyazi ndithane nawo kamodzi. Ngati munamvapo za mwamuna amene anagendedwa ndi tomato pakhomo pake pomwe, masana dzuwa likuswa mtengo, iye osatembenuka n'komwe, musavutike kufunsa. Munthuyo ndine.

Akazi anga, amake Dali, ndi mphunzitsi. Zaka ziwiri zapitazo anawatumiza kusukulu ina ya kumudzi kupitirira Petauke, kutali ndi msewu wa tala, ndipo anapita ndi mwana wathu Dalitso. Ine ndinatsala m'kanyumba kathu kuno ku Chongwe, kumakwera minibasi tsiku ndi tsiku kupita kuntchito ku Lusaka. Timaonana sukulu zikatsekera basi. Kuimbirana foni n'kovuta, chifukwa kumeneko netiweki imapezeka pachulu chimodzi kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo ngakhale pamenepo imachoka osatsanzika. Choncho iwo amajambula mawu pafoni m'kati mwa sabata, Lamlungu akakwera pachulupo mauthenga onse n'kundifika pakamodzi. Ife timangowatcha mavoisi.

M'mavoisimo mulibe nkhani zazikulu ayi. Dali wagweruka dzino. Sopo watha. Nkhuku ya ahedi yaikira mazira m'kabati ya mabuku. Koma ine ndinkawamvera m'minibasi popita ndi pobwera, mobwerezabwereza, mpaka ndinkadziwa pamene apumire mpweya. Vuto linali maiyafoni anga, aja ogula pamsika: a kumanzere ankalankhula pokhapokha nditapinda chingwe ndi chala, ndipo mawu a akazi anga ankatuluka ngati akulankhulira m'chitini. Ndinkawasowa, abale, sindibisa. Nyumba ya zipinda zitatu munthu uli wekha imakula tsiku lililonse.

Amene anandiika m'mavuto ndi bambo Mwanza, mkulu woyendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwathu. Tsiku lina anandiona ndikulimbana ndi chingwe chija, n'kuchinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ba mudala, ivi ni vidoli va bana," anatero. "Imwe mufunika mamonita."

"Mamonita si ya pa kompyuta?" ndinafunsa.

"Awe, ya mu khutu. Yamene bavala boimba pa siteji. Mukavala yaja, muntu akapuma chabe muzamvela monga ali pa pilo yanu."

Mawu akuti pa pilo aja ndiwo anandipha. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka katswiri. Masabata atatu ndinali pafoni kuwerenga za mamonita a m'khutu: ena ali ndi kasipika kamodzi m'kati, ena atatu, ena amakonda besi, ena amakonda mawu a munthu. Ndinaphunzira kuti nsonga yolowa m'khutu ikhoza kukhala ya labala kapena ya siponji, ndipo pali anthu padziko pano amene amakangana za zimenezi ngati za malire a munda. Kuntchito anzanga anayamba kundithawa nthawi ya nkhomaliro (mmodzi anasamukira kukadyera pamasitepe, ndipo sindikumuimba mlandu).

Pomaliza bambo Mwanza anandimvera chisoni. Lachisanu lina mu Okutobala anandibwereka mitundu itatu, uliwonse m'kabokosi kake, kuti ndiyese ndisankhe, ndibweze Lamlungu. Anandipatsanso malamulo.

"Mupeze malo ya zii. Mutseke menso. Na foni muike pa kandege, netiweki imaleta chongo mu nyimbo."

Zakuti netiweki imabweretsa phokoso m'makutu ndinamva pambuyo pake kuti n'zopeka zawo, koma tsiku limenelo ndinazilandira ngati mawu a dokotala.

Loweruka ndinasesa pabwalo, ndinasamba, ndinavala malaya ositasita ngati ndikuyembekezera mlendo. Kenako ndinakiya geti ndi loko wamkulu, chifukwa amayi Tembo, amene amagulitsa tomato pakhomo pawo, ali ndi chizolowezi chobwera kudzabwereka wilibala n'kukhala ola lathunthu akusimba za matenda a miyendo. Muyenera kudziwanso kuti mpanda wathu ndi wa njerwa, wautali, pamwamba pake pali magalasi a mabotolo osweka. Ndinaumanga ndisanamalize n'komwe siling'i ya nyumba, ndipo ndinkanyada nawo kwambiri. Ndinaika mpando pansi pa mtengo wa mango, msana kugeti chifukwa cha dzuwa, kope ndi cholembera pamwendo. Ndinadina kachizindikiro ka ndege kaja, foni inasiyana ndi dziko.

Poyesera sindinasankhe nyimbo. Ndinasankha voisi ija ya nkhuku ya ahedi, imene amake Dali anajambula akutsuka mbale, ndipo pakati pake amaseka mpaka kulephera kumaliza nkhani.

Mamonita oyamba anali a besi. Akazi anga anamveka ngati adwala chimfine cha sabata ziwiri, kuseka kwawo kukugunda ngati ng'oma. Ndinalemba m'kope kuti awa ndi a anyamata a m'mabasi. Achiwiri anali onyezimira, okongola zedi, koma anatenga mbali ya mbale: supuni iliyonse inkandilasa m'mutu, mwini nkhani ali kumbuyo kwenikweni. Ndinalemba kuti sindinakwatire mbale.

Achitatu anali osaoneka bwino, akuda, a nsonga za siponji. Siponjiyo umaifinya ndi zala, n'kuilowetsa m'khutu, kenako imafufuma pang'onopang'ono. Pamene inkafufuma, Chongwe yense anazima. Malole a pamsewu waukulu, chigayo, wailesi ya aneba, zonse zii. Ndinatseka maso n'kudina.

Bambo Mwanza sananame. Ndinamva madzi akudontha m'beseni. Ndinamva milomo ikutseguka mawu asanatuluke. Chapatali ndinamva Dali akuitana mnzake, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo m'voisi imene ndinkaidziwa pamtima. Ndipo kuseka kuja kutafika, kunafika apa, pambali pa tsaya langa. Misozi inatsika ndili chimwetulire, bambo wamkulu wa ndevu zake. Itatha ndinaibwereza. Kenako ndinapita ku mavoisi a mwezi watha, a mwezi winawo, mpaka a chaka chatha, uku ndikubwerera ku ya nkhuku ija ngati munthu wobwerera kumphika wa nyama.

Pakati pa zonsezi galu wathu anandidutsa pamiyendo akuthamanga. Anabweranso n'kundikanda bondo, ine ndinamukankha ndi phazi maso ali chitsekere. Patapita kanthawi china chake chinandinyowetsa chala cha kuphazi. Ndinatsegula diso limodzi: tomato wakupsa, waphulika pafupi ndi patapata wanga. Tsono munthu wanzeru akaona tomato pansi pa mtengo wa mango amadzifunsa mafunso. Ine ndinayang'ana kumwamba, ndinati akhwangwala a masiku ano akuba mpaka pamsika, n'kutsekanso diso. Wachiwiri anagwera pakope penipeni. Ndinapukuta ndi dzanja (ndinakwiya pang'ono chifukwa anafuta zimene ndinalemba za besi), ndipo ndinapitiriza.

Chimene chinanditulutsa ndi batire. Foni itachenjeza kuti yatsala pang'ono kuzima, ndinazula mamonita, dzuwa litapendeka kale. Ndinamva kugogoda kofooka pageti, kwa munthu amene watopa nako. Nditatsegula ndinapeza amayi Tembo atakhala pamwala, kathumba ka mtedza ndi mbatata kali pambali.

"Aneba, kanshi muli moyo?" anandifunsa, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nili bwino, amai. Ni wilibala?"

"Wilibala ya chani? Amake Dali benze pano. Apa pamene mwaimilila."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke. Anandifotokozera zonse bwinobwino, mosafulumira, ngati munthu amene akudziwa kuti nkhaniyi adzaifotokozanso kambirimbiri. Sukulu inatuma lole kudzatenga mabuku ku Lusaka, ndipo ahedi anasankha akazi anga kuti aperekeze. Popita anadutsa Chongwe m'mawa osaima. Sanandiuze chifukwa sankadziwa ngati dalaivala angalole kupatuka pobwerera, ndipo sanafune kundipatsa chiyembekezo chabodza. Anamuchonderera njira yonse, iye n'kuwapatsa theka la ola.

"Tagogoda na mwala," anatero amayi Tembo. "Dalaiva aliza huta mpaka bana bonse ba mu komboni babwela. Batuma foni, siingena. Dalaiva ayesa kukwela mpanda, mabotolo yanu yamucheka kwanja. Ine nataya tomato zanga zibili. Imwe muli chabe nkhale, mumwetulila."

"Ananiona?"

"Pa kabowo ka loko apa. Bagwada pansi, bayangana, bayangana. Bakamba ati, ba Tembo, onani mwamene baondela."

Ndinathamanga mpaka kumsewu waukulu ndi patapata, chingwe cha mamonita chikulendewera m'khosi. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera. Lole inali itanyamuka maola awiri apitawo, ndipo ndinangoima pamenepo kuyang'ana kum'mawa, makondakitala akundifunsa ngati ndikupita kutauni. Miyezi iwiri ndisanawaone, inanso iwiri kutsogolo, ndipo iwo anaima mapazi makumi awiri kuchokera pamsana panga.

Nditabwerera ndinachotsa kandege kaja. Mauthenga anagwa ngati matalala, onse ondiuza kuti wina anandiimbira. Ndinaimba, foni yawo inali yozima. Panali voisi imodzi yokha yatsopano, yaifupi, yojambulidwa m'lole. Ndinavala mamonita achitatu aja.

"Atate ake Dali, ni ine. Nenze pa geti. Nakuonani, mwaonda, simukudya bwino imwe. Nasiya nsawa na mbatata kwa amai Tembo. Nenze nifuna kukwiya, koma mwenze kumwetulira monga mwana. Kaya mwenze kumvera ndani." Apa anaseka pang'ono. "Batire yasila na kukutumirani. Tizaonana Disemba."

Mawu anathera pamenepo, koma chala chawo chinachedwa kuchoka pafoni. Kumbuyo kwa phokoso la injini ndinamva mpweya ukukokedwa modukaduka, kenako kumeza kuja kumene munthu amameza akamabisa kulira pamaso pa mlendo. Zinatenga kanthawi kochepa zedi, voisi n'kuduka.

Ndinajambula yankho langa kanayi ndisanapeze mawu, kuwauza kuti amene ndinkamumvera ndi iwo omwe, akutsuka mbale. Mawa lake foni yawo inali ikadali yozima, choncho linawapeza Lamlungu linalo, patatha masiku asanu ndi atatu. Sabata yonseyo akazi anga anagona ndi funso lija, ine ndinagona ndi mtedza wawo, umene ndinkalephera kuukazinga.

Lamlungu loyamba lija, mawa lake la tsokali, ndisanapite kukabweza katundu wa eni, ndinachita mayeso omaliza. Ndinatenga maiyafoni anga akale, ndinapinda chingwe, n'kumvera voisi ya m'lole ija. Mulibe kalikonse kumapeto. Mumamveka mayi wansangala akuseka mwamuna wake wopusa, kenako injini, basi. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanakhalabe ndi akalewo, mtima n'kukhala m'malo.

Kutchalitchi bambo Mwanza anandipeza ndisanakhale pansi.

"Shani ba mudala, mwasankha yati?"

Ndinawapatsa timabokosi tiwiri. Kachitatu kanatsala m'thumba la jekete, ndipo ndinawauza kuti anene okha mtengo. Anasangalala, akuti ndili ndi khutu la katswiri, ine sindinawatsutse. Mpaka lero m'minibasi ya ku Lusaka mukaona bambo atatseka maso, akubwereza kachidutswa kamodzimodzi kumapeto kwa voisi, musamusokoneze. Zimapweteka ulendo uliwonse, koma pa temu yonse ija palibe pena pamene ndinawayandikira amake Dali kuposa pamenepo.