Makalata Awiri, Mpando Umodzi

Lolemba

Pageti la fakitale yathu ya zakudya za nkhuku ku Kya Sand, kuno ku Joni, amatapo pepala: akufuna kalaliki wowerenga katundu. Kutseka Lachisanu. Kalaliki! Mpando, cholembera, denga pamutu!

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusenza matumba pafakitale yomweyi, ine amene ndinaphunzitsa masamu ku Ntcheu mpaka choko kundiyeretsa zala. Msana watha. A nesi akuti ndikapitiriza kusenza, chaka chamawa ndidzayendera ndodo. Ntchito iyi ndiyenera kuipeza basi.

Pulani:
1. Kulemba kalata yofunsira ntchito.
2. Kukatayipitsa.
3. Kukhala pampando.

Zophweka. Kuno ku Berea theka la mpingo wathu makalata awo ndinawalembera ndine, ndipo ambiri akugwira ntchito.

Lachiwiri

Kalata yatha, yaulemu ngati yopita kwa a DC. Yayamba ndi "I humbly beg", yatha ndi "your obedient servant". Madzulo kukwaya ndikuwaonetsa a Loveness, oimba soprano, amene amagwira mu ofesi ku Rosebank. Akuseka mpaka kupukuta misozi ndi buku la nyimbo.

"Aphunzitsi, mukupempha ntchito kapena mukupepesa mlandu? Ku Joni sagwada papepala. Dzigulitseni!"

Malangizo awo:
- tsamba limodzi lokha
- nenani zimene mumatha, ndi umboni wake
- sonyezani kuti fakitaleyo mukuidziwa
- zoti msana ukuwawa, ayi
- zoti kumudzi kuli ana, ayinso

Ndiye chitsale nchiyani? Ine ndi msana ndi ana basi.

Lachitatu

Ndikuyesa kudzigulitsa panthawi ya lanchi, pepala pabondo.

"Zaka zonsezi sindinachedwepo." Zoona.
"Ndimawerengera matumba pamtima foromani asanatsegule foni yake." Zoona.
"Ndimadziwa thumba lopereweza pongolinyamula." Zoonanso, msanawu ndi mboni.

Ndikuwerenga mokweza pang'ono. Matama otani amenewa? Kwathu munthu akakufunsa ngati umatha ntchito umayankha kuti timayesako, enawo ndiwo akuyamikire. Malemu bambo anga atamva izi akadafunsa ngati ndayamba kusuta chamba. Ndikufufuta mzere woyamba. Wachiwiri. Wachitatu.

Zotsala papepala: dzina, adiresi, "Dear Sir". Ngakhale "Dear" ameneyo akundioneka ngati ndikuwazolowera.

Lachinayi

Alamu anga a Yohane, amuna a mlongo wanga Esinati, timagona chipinda chimodzi, pakati pali katani. Nawonso amasenza pafakitale pomwepo. Asuzumira pamwamba pa katani, mswachi uli kukamwa.

"Alamu, ndilembereniko nanenso. Kungoyesa mwayi, inu ndiye ophunzira."

Ndikane bwanji? Ana awo anayi malume wawo ndine. Akagona ndi njala kumudziko, Esinati foni amaimbira ine, osati iwo.

Ndikulemba. Aaa, dzanja likuthamanga lokha! Mizere ija ndinafufuta dzulo ndikuitola umodziumodzi, ndikuiika pansi pa dzina la alamu. Pa dzina la munthu wina siichititsa manyazi mpang'ono pomwe, ikuchita kukoma. Sanachedwepo. Amawerengera pamtima. Mphindi makumi awiri kalata yatha, yonyezimira. Ine ndemwe nditakhala bwana ndingamulembe munthu ameneyu.

Alamu amene amadzuka ndikachita kuwakoka mwendo!

Yanga ikadali pa "Dear Sir".

Lachisanu

M'mawa ku Yeoville, pashopu yotayipa. Magetsi azima titangofika, tikudikira ola lathunthu. Abwera. Mayi wotayipa akumaliza ya alamu, akuimba mluzu. "Hawu, uyu ndiye munthu!" Kenako akutambasula dzanja kuti ndimupatse yanga.

Ndikumupatsa ya Lachiwiri ija. Ndachotsamo "humbly", ndasiya "beg". Ndawonjezera kuti ngati angandiganizire ndidzayesetsa. Mizere yabwino sindingaibwerezenso, bwana angaone kuti makalata awiriwa anabadwa kwa mayi mmodzi.

Nambala ya foni pa onse awiri ndi yanga, poti foni ya alamu anawabera mu takisi mwezi watha.

Kufakitale, mlonda wa pageti akuponya maenvulopu m'katoni osayang'ana nkomwe. Tachedwa, ganyu walero watipita. Msana wapumako tsiku limodzi, koma mtima ayi.

Loweruka

Ndikuchapa malaya pabafa la onse. Foni ikulira, nambala ya ofesi! Ndikupukuta manja pathalauza, ndikuimirira mowongoka ngati akundiona. Mzimayi wa mawu ofewa akuti kalata yawasangalatsa kwambiri, sanalandirepo yomveka bwino chotere. Ndikuti zikomo, zikomo, thank you madam.

"Am I speaking to Yohane?"

Ndaima ndi thovu m'zigongono. Ndikanatha kunena kuti wolemba ndine. Ndikanatha kunena kuti wosachedwayo, wowerengera pamtimayo, ndi ine ndemwe. Pakamwa patuluka "hold on, madam". Ndayenda nayo foni khonde lonse mpaka kuchipinda, ndawadzutsa alamu.

Intavyu Lolemba, naini koloko. Alamu akuvina ndi katani. "Alamu, muli ndi dzanja lodala inu!"

Ndabwerera kubafa. Ndalira, ndisabise. Mpopi ndinausiya wotsegula kuti a chipinda chinacho asamve.

Lamulungu

Esinati watumiza voisi, akululutira, ana akukuwa kumbuyo kuti zikomo malume. Ndaimvera kawiri. Kukwiya ndikufuna, koma ndikwiyire ndani?

Kutchalitchi a Loveness akufunsa ngati ndinadzigulitsa. Ndati katundu anagulidwa, koma ndi wa eni.

Masana onse ndili ndi alamu pabedi, tikuyeserera. Matumba makumi anayi paphaleti, thabwa losanjikapo katundu, maphaleti asanu ndi awiri, onse pamodzi angati? Akuyang'ana kudenga, akuwerenga zala, akufunsa ngati mu intavyu amalola kakyuleta. Tikubwereza mpaka akhoza katatu motsatizana. Ndawauza kuti akafunsidwa ngati amatha ntchito asakayankhe kuti timayesako.

Ndawasitira malaya anga oyera. Ndapaka mankhwala kumsana. Mawa tikwera takisi imodzi, iwo akalowera khomo la ofesi, ine la magalimoto.

Akakawalemba, matumba amene ndizisenza aziwerenga ndi iwo. Bola ndawaphunzitsa bwino, sadzaphonya ngakhale limodzi.