Vinyo Wanga ndi Nkhuku ya Apongozi

Anzanga, ine vinyo wofiira ndimamukonda, ndipo sindibisa. Osati wodula uja ayi, ndine mlimi wa fodya wa ku Kaluluma ine, wanga ndi wa m'katoni kapena wa pashelefu ya m'munsi amene ndimagula ndikapita ku Kasungu boma. Koma ndiye ndimamudziwa! Wotsekemera uja amayenda ndi mtedza wokazinga, ndipo amakoma ngakhale ndi mphalabungu za ku Chisemphere, musaseke, kayeseni kaye. Wowawirako, amene amagwira lilime ngati nthochi yosapsa, mnzake ndi kanyenya wa mbuzi wonona, mafuta aja amangotsetsereka pakhosi. Usipa wokha ndiye musayerekeze, m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita khasu. Zina ndinaphunzira ndekha, zina pa foni, pamene ndinaona kuti akatswiri amayamba agwedeza tambula, kununkhiza, kumwa pang'ono, kuchukucha m'kamwa, kenako n'kulavula. Ndinazolowera mpaka dzanja ndi mphuno zinkangochita zokha.

Tsono chaka china, nthawi yofesa nazale itakwana, chitsime cha kudimba kwanga chinaphwa. Alimi anzanga mukudziwa, wopanda nazale ndiye kuti chaka chimenecho fodya aiwale. Apongozi anga aamuna, a Phiri, anali ndi dimba lamadzi limene linkangokhala, ndipo mkazi wanga Naphiri anati tipite tikapemphe. Ine ndinati sitingapite chimanjamanja, ndipo poti madalawo amalawako, ndinamangirira katoni ya vinyo wowawirako pa keliyala ya njinga. M'mutu mwanga mbuzi yawo ndinali nditaipha kale, ikuwotchedwa. Dzuwa la nyengo imeneyo ndilosachita kufotokoza. Pofika, vinyo uja anali atafunda ngati tiyi.

Anatilandira bwino, ine ndi a Phiri anatiyalira mphasa m'chigafa, poti munalibe fodya ndipo munali kamthunzi kabwino. Patapita nthawi apongozi aakazi anabwera ndi chakudya, Naphiri akuwathandiza, n'kugwada chapatali mwaulemu. Kuvundukula mbale, nkhuku yachikuda, thadzi lawo loikira, aphera mkamwini. Munthu wanzeru akanawomba m'manja n'kuthokoza. Ine pakamwa panga panangotuluka kuti, "Aaa, nkhuku? Vinyo uyutu sagwirizana ndi nkhuku."

Naphiri anandiyang'ana diso lija ndimalidziwa.

Ndinati ndikonze zinthu. Ndinaganiza kuti msuzi ukakhala wa tomato wambiri mwina zitheka ndithu, ndiye ndinanyamula mbale ija n'kuifikitsa pamphuno, kukoka mpweya bwinobwino, maso nditatsinzina. Inu! Kununkhiza ndiwo za apongozi, ophikawo ali pomwepo! Kodi ine ndinaleredwa kuti?

"Bambo a Chikondi," anatero amayiwo motsitsa mawu, "ngati mukuganiza kuti ndathiramo kanthu, bweretsani ndikadye ndine."

Ananyamula mbale ija n'kupita nayo kukhitchini, Naphiri akuwathamangira pambuyo. Tinatsala awiri, tikuyang'anizana ndi nsima yopanda ndiwo.

Apa ndinati vinyo andipulumutse. Ndinathira m'makapu awiri apulasitiki, ina n'kupereka ndi manja awiri. A Phiri anangoigwira n'kudikira, poti kwathu kuno wobwera ndi chakumwa ndiye amayamba kumwa, kuti onse aone kuti mulibe choipa. Zimenezi ndimazidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Koma dzanja linayamba lokha kugwedeza kapu, mphuno inalowa, ndinamwa pang'ono, chukuchuku m'kamwa, kenako ndinatembenuka n'kulavulira pansi, pafupi ndi phazi lawo.

A Phiri anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye mwalawa, mwalavula. Tsopano timwe ndife?"

"Ayi bambo, ndi mmene amachitira akatswiri."

"Akatswiri a chiyani?"

Inuyo mukanayankha kuti chiyani? Ndinachita mantha, abale, ndinaona fodya wanga wa chaka chonse akuthera pamphasa pomwepo. Kuti aone kuti mulibe chiphe, ndinagugudiza kapu yanga, ndinatenga yawo n'kugugudizanso, ndinathira ina, ndi inanso, vinyo wofunda, m'mimba mulibe kanthu, thukuta lili kamukamu. Ndikukumbuka kuti nkhani ya dimba ndinaiyamba ndi mawu akuti, "Bambo, madzi ndi moyo," ndipo ndikukumbukanso kuti ndinalirako pang'ono. Zotsatira zake ndinachita kumva kwa anthu.

Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, anapiye akutola nsima pafupi ndi khutu langa, Naphiri ataimirira, manja ali m'chiuno.

"Dzukani. Dimba lija akupatsani."

"Andipatsa? Ndi zonse ndachitazi?"

"Mutagona, abambo analawako zotsala m'katoni muja. Nawonso alavula. Akuti inu mulibe mlandu, aliyense akanalavula. Akutinso munthu amene amamwa zoterezi n'kumati zikukoma ndiye kuti wavutika kokwanira, alime fodya wake, mwina chaka chamawa angagule chakumwa cha anthu."

Nazale inamera bwino, fodya anachita, ndipo amayi ndinakawapepesa ndi thadzi lina, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ngakhale mpaka lero akamandipatsa chakudya amayamba afunsa ngati mphuno yanga yavomereza. Vinyo ndimamwabe, Loweruka masana pakhonde panga, kanyenya ali pambali, mtima uli m'malo, ndipo ndikuumirirabe kuti wowawirako uja ndi nkhuku sagwirizana. Koma kwa apongozi ndalumbira, ngakhale atandipatsa madzi otsukira mbale, ndidzameza, ndidzawomba m'manja, n'kupemphanso ena.